Lipoti la msonkhano wa olima m'maalotimenti kuno ku Manchester

A Pampando, akomiti ndi anzanga nonse a gulu lathu la dimba,

Munandituma ku msonkhano wa olima m'maalotimenti (timinda tobwereka tolimamo ndiwo) a dera lathu Loweruka lapitali, ndipo mawu ndabwera nawo. Ndinafika mochedwerako chifukwa ndinatsika basi pamalo olakwika, kunja kukuwaza kamvula konga chiperoni cha ku Thyolo, koma nkhani zikuluzikulu ndinazipeza. Munandipatsa mafunso atatu: za nkhono zimene zikutimalizira repu, za tomato amene anapsa mu Ogasiti, ndi mphekesera yakuti atikakamiza kudzala maluwa.

Ndiyambe ndi zimene simunandifunse, chifukwa ndiye muzu wa mavuto athu. Woyamba kuyankhula anali bambo wachikulire amene wakalambira pa khasu, ndipo anati alendo ambiri amapha mbewu zawo ndi madzi. Ndinachita manyazi, poti ndinakumbukira mmene timapikisanirana keni yothirira ngati tili kudimba mu Okutobala. Nditafika kunyumba mwana wanga anandionetsa kuti mvula ya chaka chonse ya Manchester siisiyana kwenikweni ndi ya ku Lilongwe, konseko ndi mamilimita pafupifupi 850. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu imagwa mwamphamvu miyezi isanu kenako dzuwa n'kuumitsa nthaka, pomwe kuno imagwa pang'onopang'ono chaka chonse, dzuwa lake lofooka. Dothi la pamalo pathu ndi makande, limasunga madzi, mizu n'kumaola ife tikuti mbewu yasowa feteleza.

Mankhwala ake anati ndi kukweza mabedi kuti madzi azitsika. Anationetsa zithunzi za mabedi otchingidwa ndi matabwa, anthu n'kumalemba m'makope mwachidwi. Ine ndinaseka chamumtima. Si mizere yathu yomwe ija imeneyi? Si mitumbira ya mbatata imene agogo athu ankaunda popanda thabwa ndi limodzi lomwe? Luso tili nalo kale, tinangolisiya pa bwalo la ndege poganiza kuti ku Ulaya amalima mwina. Anawonjeza kuti tisamaponde kapena kutipula dothi likadali lonyowa chifukwa limagwirana ngati njerwa, ndiponso kuti masamba ogwa m'mitengo mu Novembala tiziwakokolola n'kuwaunjika kuti aole. Pogula kompositi anatipempha kusankha matumba opanda peat, dothi lakuda lokumbidwa m'madambo. Madambo onga Chat Moss, pafupi ndi Salford pomwepa, anawonongeka kwambiri ndi kukumba kumeneku.

Tsopano nkhono. Zimene zimatipweteka kwambiri ndi zopanda chigoba zija, eni dziko amati slug. Mankhwala a metaldehyde analetsedwa kuno kuyambira Epulo 2022 chifukwa ankaphanso mbalame ndi akanungu, choncho ngati wina ali ndi botolo lakale m'shedi asaligwiritsenso ntchito. Ololedwa ndi a ferric phosphate. Koma ambiri mu holo muja anati chothandiza kwenikweni ndi kufesa m'timiphika pawindo la m'nyumba, n'kuwokera mbande zitakhwima, popeza nkhono zimakonda zanthete. Ena amapita madzulo ndi tochi kukazitola, ena amakwirira makapu a mowa kuti zigweremo. Mayi wina anatikumbutsa kuti bungwe la za ulimi wa maluwa ndi ndiwo la RHS (Royal Horticultural Society) linalengeza mu 2022 kuti nkhonozi silizitchulanso zowononga, ati zili ndi ntchito yake m'munda. Ndinangoti akadabwera akauze repu wathu.

Tomato anagwidwa ndi chiwawu, matenda omwewo amene anaononga mbatatesi ku Ireland kuyambira 1845. Amafala kunja kukakhala kofunda ndi konyowa masiku otsatizana. Tomato azikhala m'nyumba ya pulasitiki, tizithirira patsinde osanyowetsa masamba, ndipo zodwala tizichotsa msanga. Maungu, chimanga ndi nyemba zisatuluke panja mpaka kumapeto kwa Meyi chifukwa cha chisanu. Therere lobala panja tingoliiwala.

Za maluwa, palibe atikakamize. Ndinafunsa pagulu, anandiyankha kuti imeneyo ndi mphekesera chabe. Komabe ndikuuzeni poyera kuti ine ndabwerako nditasintha maganizo, ngakhale ndine ndinkatsogolera kunena kuti maluwa sadyera nsima. Maungu athu chaka chatha anachita maluwa ambiri koma zipatso zochepa, tinangokhutira ndi nkhwani. Woyankhula wachiwiri, mayi wosunga njuchi, anafotokoza kuti dzungu limakhala ndi duwa lalimuna ndi lalikazi padera, ndipo popanda njuchi yonyamula mungu kadzungu kamangofota n'kugwa. Munda wa masamba okhaokha ngati wathu njuchi ilibe chobwerera. Anatchula marigold, nasturtium ndi lavenda kuti ndi osavuta. Lavenda yekha ndiye sakonda makande, ayenera kukhala pamzere wokwera wothirako timiyala.

Chinandikhudza mtima ndi tebulo la mbande zogawana limene linali pakhomo. Ndinaona duwa lalitali lofiira pamwamba, lachikasu m'munsi, ngati muuni. Iwo amati red hot poker, ndipo mitundu ina ya duwa limeneli imamera yokha ku Nyika. Agapanthus ndi pelargonium, amene ali pakhomo lililonse kuno, anachokera ku South Africa. Ndiye kuti mbali ya kwathu inafika m'minda ya anthuwa ife tisanafike, ndipo amaisamala kuposa mmene ife tinkaionera ili kutchire. Hydrangea, amene ena mumamudziwa ku Zomba, amakondwa ndi chinyezi cha kuno. M'dothi lowawasa amachita maluwa obiriwira ngati thambo, m'dothi la laimu amafiirira, choncho ndi woyeza nthaka waulere.

Pali machenjezo amene ndinalemba m'kope mwanga. Montbretia, kaduwa kofiirira konga moto kamene kadzaza kumpanda kwathu, ndi kokongola koma lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kukafalitsa kutchire, ndiye tikazula tisaponyere kunja kwa mpanda. Chimodzimodzi Japanese knotweed, chomera chofalikira msanga: kachidutswa kakang'ono ka muzu wake kamaphukanso, tikamuona tiuze oyang'anira malo, osathamangira zikwanje. Mababu a daffodil amafanana ndi anyezi koma ndi poizoni. Amadzalidwa mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi yomwe anyezi wathu amakhala akuuma m'shedi, ndipo ana athu amalowamo. Tikawagula akhale m'thumba lolembedwa, pashelefu yakeyake.

Pa nkhani ya mbewu zobwera m'masutikesi kuchokera kumudzi, amayi anzanga, sindinatchule munthu. Ndinangofunsa ngati wofuna kudziwa. Zomera ndi mbewu zambiri zolowa m'dziko lino zimafuna satifiketi yotsimikizira kuti zilibe matenda, kupanda apo akhoza kuzilanda polowa. Bonongwe ndi mpiru amapezeka m'masitolo a mbewu konkuno, mayina okha ndi ena.

Ndikupempha kuti pokumana mwezi uno tigwirizane zoti tiunde mizere m'chigawo cham'munsi chimene madzi amadikha, ndi kuti mzere umodzi m'mbali mwa kanjira tiupereke ku maluwa kwa chaka chimodzi, tione ngati maungu asinthe. Anatilangizanso kukaona RHS Garden Bridgewater ku Worsley, munda umene unatsegulidwa mu 2021, komwe ndiwo zamasamba ndi maluwa amazilima mkati mwa mpanda umodzi wa njerwa. Amene angafune tipite limodzi alembetse kwa alembi.

Ndabwera ndi mbande zinayi za red hot poker zimene anandipatsa mwaulere, zili pakhonde panga m'chidebe ndipo zikufuna kulowa m'nthaka sabata ino. Malisiti a basi ndi chenji ndapereka kale kwa a msungichuma.

Ine nthumwi yanu.