Kalata kwa Takondwa kuchokera pakati pa nyanja

Takondwa wanga,

Ndikulemba kalatayi nditaponda khoma ndi mwendo umodzi kuti ndisagubuduke pampando. Ukaona zilembo zina zili khotikhoti ngati mapazi a nkhuku usandiseke, tebulo lake ndi losakhazikika.

Tsiku lija tinalankhulana pafoni ya amayi ako ndili ku Cape Town, unandifunsa kuti, "Amalume, nanga kukada botilo mumaliimika pati kuti mugone?" Ndinangoseka. Lero takwanitsa masiku 10 tili pamadzi, ndiye tchera khutu ndikuyankhe bwinobwino. Sitiima ayi. Pansi pathu pano nyanja ya Atlantic ndi yakuya kuposa mamita 4,000, pamene unyolo wa nangula wathu ndi wa mamita 60 okha. Palibe gombe, palibe mtengo womangirirapo chingwe. Boti limangoyenda usana ndi usiku, ife n'kumagona mosinthana.

Tilimo anthu anayi: akaputeni, akazi awo, mnyamata wina wa ku Durban, ndi ine wophika. Aliyense amalondera maola atatu. Usiku nthawi yanga imayamba 3 koloko, iwe uli mtulo tofa nato. Mnzanga amandigwedeza phazi, ndimavala jekete yoyandamitsa, kenaka ndimadzimangirira ku boti ndi lamba ngati mbuzi ya agogo pachikhomo. Lamba ameneyu sitichita naye masewera, chifukwa munthu akagwera m'madzi usiku anzake ali mtulo, boti limapitirira osadziwa. Chiwongolero chili ndi makina ake oyendetsa okha. Ntchito yanga ndi kuyang'ana nyali za sitima zikuluzikulu, kuyang'ana mitambo, ndi kumvetsera matanga. Thanga likayamba kuchita phaphapha, ndiye kuti mphepo yasintha. Patha masiku asanu osaona sitima ngakhale imodzi.

Koma usikuwo, Takondwa! Nyenyezi zimafika mpaka pansi penipeni pomwe thambo lakumana ndi madzi. Kumbuyo kwa boti madzi amawala mobiriwira ngati mwalowa ziphaniphani. Ndi tizamoyo ting'onoting'ono ta m'nyanja, timayaka tikagundidwa. Dzulo ndinatunga madziwo m'ndowa n'kuwavundula ndi dzanja, zala zanga zonse waliwali. Ndinalakalaka ukanakhalapo.

Kukacha ndimazungulira pamwamba pa boti kutola ndiwo. Inde, kutola! Kuno kuli nsomba zouluka, zokhala ndi zipsepse zazitali ngati mapiko. Zikamathawa nsomba zazikulu zimatumpha n'kuyandama m'malere, zina n'kugwera m'boti mwathu mumdima. Lero ndatola zisanu ndi ziwiri. Ina inandimenya paphewa usiku ndikulondera, ndinakuwa mpaka akaputeni anadzuka. Fungo lake silinachoke pa jekete. Yokazinga ndi yokoma ndithu, koma singafanane ndi chambo cha kwanu ku Senga Bay.

Masiku atatu oyamba ndinadwala, sindikubisira. Mutu unkazungulira, chilichonse chomwe ndadya chinkabwerera. Kunkazizira kwambiri chifukwa madzi a m'mbali mwa Cape Town ndi Namibia ndi ozizira, amachokera kummwera mu mtsinje wa m'nyanja wotchedwa Benguela. Pano kwafunda, tikuyenda opanda nsapato, ndipo mphepo ikuomba kuchokera kumbuyo tsiku ndi tsiku. Imachokera mbali yomwe kumachokera mwera, mphepo ija imabweza asodzi kugombe mu June ndi July. Kusiyana kwake n'koti ife timaikonda, ndi imene ikutikankha. Liwiro lathu ndi la njinga yakapalasa, makilomita 11 pa ola.

Nsima ndaphika kawiri. Chitofu chake chimalendewera ngati katungwe kuti poto akhale chilili boti likapendekeka, ndipo potoyo timam'pana ndi tizitsulo. Ulendo woyamba funde linatimenya m'mbali ndikuthira ufa, theka linathera pamutu panga. Anzanga anaseka mpaka misozi, ati ndakalamba tsiku limodzi. Mthiko womwe anandipatsa amayi ako ndi umene ndikutakasira.

Chodabwitsa n'chakuti madzi ali ponseponse koma timawaumira ngati mafuta ophikira. Awa si madzi a nyanja yathu oti ungatunge n'kumwa, ndi amchere kuposa ndiwo zolakwitsa. Tili ndi kamakina kochotsa mcherewo, koma kamadya magetsi ambiri. Mbale timatsuka ndi madzi a m'nyanja n'kutsukuluza ndi kapu imodzi ya madzi abwino. Kusamba ndi kamodzi pa masiku atatu, botolo limodzi basi. Iwe wothawa bafa ukanakondwa kuno.

Mulungu akalola, pakatha masiku awiri tiona chilumba cha St Helena. Kuchokera ku Cape Town ndi makilomita opitirira 3,000, ngati kuyenda nyanja ya Malawi kuchokera kunsonga kukafika kunsonga kasanu. M'tauni yake ya Jamestown muli makwerero okwera phiri okwana 699, dzina lake Jacob's Ladder. Ndikawerenga ndekha kuti ndione ngati sanandinamize. Kulinso kamba wamkulu dzina lake Jonathan, amene anabadwa cha m'ma 1832, agogo a agogo ako asanabadwe. Ndikamujambula ndikutumizire, ndipo kalatayi ndikaiponya komweko.

Akaputeni akuitana, kwabwera mtambo wakuda kumbuyo kwathu, tikachepetse thanga. Upereke moni kwa amayi ako ndi agogo. Undilembere, undiuze ngati dzino lija linaguluka.

Ndine amalume ako okukonda.