Nyimbo ndinapeka ndine, koma dzina ndi la aphunzitsi anga

Zikomo Agogo,

Ndine mnyamata wa zaka 22, ndimaimba tena m'kwaya ya kumpingo kwathu kuno ku Mulanje. Amene anandiphunzitsa kuwerenga solofa ndili wa Sande sukulu ndi aphunzitsi athu a kwaya, bambo achikulire amenenso ndi mkulu wa mpingo. Ndi iwo omwe anandibwereka mapepala othaitha a nyimbo ya Hallelujah ya Handel, katswiri wopeka nyimbo wa ku Ulaya, ya mu gulu la nyimbo lotchedwa Messiah limene anapeka mu 1741. Ndinkachezera nawo usiku mapepalawo, makamaka paja besi imayamba yokha, tena n'kutsatira, kenako aluto, sopulano n'kudzamalizira pamwamba. Mtima wofuna kupeka unayambira pamenepo.

Chaka chatha ndinapeka yanga ya mawu anayi, yochokera pa Salimo 121. Inanditengera miyezi inayi. Kiyibodi ndilibe, choncho mzere uliwonse ndinkauyesa ndi pakamwa ndikupalira chimanga, maso ali kuphiri. Nditamaliza ndinakawapatsa aphunzitsiwo kuti aione. Anakonza malo awiri okha m'mawu a aluto, ndipo kunena zoona anakonza bwino.

Tinakaiimba ku chikondwerero cha makwaya. Agogo, pamene anthu 40 anatsekula pakamwa kuimba zimene zinali m'mutu mwanga mokha, misozi inalengeza. Koma wolengeza anati wopeka ndi aphunzitsi athu, iwo n'kuimirira, anthu n'kuwaombera m'manja. Lero makwaya ena akutumizirana nyimboyo pa WhatsApp, pamwamba pali dzina lawo.

Mayi anga akuti ndikhale chete, mwana salimbana ndi wamkulu, makamaka amene anakugwira dzanja. Mnzanga wina akuti ndipite nayo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina zaluso, poti makope onse amene ndinkalembamo ndi kufufutamo ndinasunga. Ine kuwachititsa manyazi bambowa sindikufuna, ndimawakonda ngati ondibereka. Komanso ndikulakalaka kukaphunzira za nyimbo ku University of Malawi ku Zomba, ndipo ntchito yokhayo imene ndingaonetse anthu kuti ndi yanga ndi yomweyi.

Dzulo aphunzitsiwo andifunsa ngati ndayamba kale ya Khirisimasi. Ilipo, yatsala pang'ono kutha, koma ndinawayankha kuti ayi, ndipo bodza limeneli likundisowetsa tulo. Ndiwayambe bwanji bambowa? Ndipite ndekha, kapena ndidzere kwa abusa?

Ine mdzukulu wanu,
Wosweka mtima, Mulanje