Chilengezo: Zokambirana za Loki Loweruka lino

Mamembala onse a gulu lathu la owerenga,

Loweruka lino tikumana ku Nchalo, pansi pa mtengo wa mango pamalo athu a nthawi zonse, 8 koloko m'mawa dzuwa lisanayambe kuwotcha.

Nkhani ndi Loki, kathyali wa m'nthano zakale za ku Scandinavia. M'nthanozo anaphetsa mulungu wina dzina lake Baldr, milungu n'kumumanga, njoka ikumudonthezera ululu kumaso. A kampani ya ku America ya Marvel anamulowetsa m'mabuku awo a makatuni mu 1962 ngati mdani wa Thor, mulungu wa mabingu. Mu 2010 anamupha, nabadwanso ali kamwana kofuna kukonza mbiri yake, koma anthu osamukhulupirira. Funso lathu nali: wasinthadi mtima, kapena olembawo anaona kuti wabodza wokondedwa amagulitsa mabuku? Ine ndikukayika. Kalulu wathu sanalapepo, koma ana amamuombera m'manja.

Aliyense abwere ndi K1,000 ya thobwa ndi zitumbuwa, kope ndi cholembera, komanso nthano imodzi ya Kalulu yomwe anamva kwa agogo, kaya ya m'Chisena kaya ya m'Chimang'anja. Amene muli ndi mabuku a gulu, abwezeni tsiku lomwelo.

A ku Ngabu ndi ku Bangula, lawirirani minibasi. Yankhani pa WhatsApp pofika Lachinayi madzulo ngati mubwera.

Mlembi