Musanagule njinga yamoto yoyamba, yambani mwaikhalira muone ngati mapazi akufika pansi

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga m'nyuzi yathuyi ndilankhulepo za njinga zamoto. Nkhani za ngozi za akabaza mwakhala mukulemba ndipo n'zoona, amene anapitako kukazonda matenda ku Queens kapena ku Kamuzu Central akudziwa momwe kwadzadzira anthu othyoka miyendo, koma ine lero ndikufuna ndilankhule ndi anzanga amene akusunga tindalama kuti agule njinga yawo yoyamba chonsecho sanagwirepo handulo chibadwire, chifukwa aliyense amangowauza kuti "muziyenda bwino" koma palibe amawauza kuti agule yotani ndipo akagula aichite chani.

Ine ndimapanga geni ya kachewere ndi kabichi kuno ku Lizulu. Amene amadziwa kuno akudziwa kuti msewu wa M1 ndi womwewo malire, ukangowoloka uli ku Mozambique, nde njinga kuno si nkhani, zimabwera zambiri ndipo zina mtengo wake umachita kukukopa. Koma yanga yoyamba sindinagule yakutsidya ayi, ndinagula kwa bambo wina yogwiritsidwapo kale ntchito, zija zazitali zamatayala amano zimene amayendera alangizi a mabungwe m'midzimu. Ndinaikonda chifukwa choti ikaima pagulu imaoneka kuti eee apa pabwera bwana. Vuto n'loti ine ndine wamfupi. Nditaikhalira mapazi amangogunda pansi ndi zala zokha, mwini wake n'kumati muzolowera achimwene, ine n'kuvomera ngati mwana.

Tsiku lachitatu ndinafika nayo pamsika, ndinaima bwinobwino ndithu, kungoti pamene ndinaimapo panali kadzenje mbali yakumanzere, phazi kufunafuna nthaka osaipeza, njinga n'kuyamba kupendekeka pang'onopang'ono ine ndikuona, mpaka khuu pamulu wa tomato wa mayi ena. Sindinavulale koma kukuwa kwake, msika wonse unaima. Tomato ndinalipira yense ngakhale amene anali ataphwanyika kale ine ndisanafike, ndipo kuidzutsa anachita kundithandiza anyamata awiri uku akuseka. Chogwirira kilatchi chinathyoka, nde apa m'pamene ndinaphunzira chachiwiri: ka sipeya kakang'onong'ono kameneko ndinazungulira mashopu onse apa Lizulu, ndinafika pa Ntcheu boma, pa Dedza, osakapeza, mpaka kuchita kutuma munthu ku Lilongwe, njinga ili gone pakhonde masabata atatu. Ndinaigulitsa moluza.

Nde langizo langa kwa ophunzira n'losavuta. Ikhalireni kaye, mapazi onse awiri afike pansi, muigwedeze uku ndi uku mumve kulemera kwake, ngati mukuona kuti itagwa simungaidzutse nokha si yanu imeneyo. Kenako musanapereke ndalama pitani kwa makanika apa tireding'i panu mukaone njinga zimene zadzadza pamenepo komanso masipeya amene akulendewera m'mashopu. Kuno kwathu zimene zili mbwee ndi ma Lifo, SanLG, King Lion, kwinako mupeza ma Boxer ndi TVS aku India. Za Honda ndi Yamaha palibe angatsutse kuti n'zolimba, koma funsani kaye kuti pulagi, tcheni, sipoketi (kagudumu ka mano komwe tcheni chimayendapo), kebulo ya kilatchi muzikazipeza kuti ndipo pamtengo wanji, pajatu kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera osabwereranso.

Za kukula kwa injini anyamata amakonda kunamizana kuti 125 ndi ya azimayi, mwamuna agule 150 kapena 200. Bodza. Kwa munthu amene akuphunzira 125cc n'njokwana, imanyamula iwe ndi thumba la kachewere, mafuta imamwa mwaulemu, ndipo ukalakwitsa kusiya kilatchi siikuponyera m'ngalande ngati zazikuluzi. Komanso dziwani kuti laisensi zake n'zosiyana, code A1 ndi ya njinga zosapitirira 125cc, ikaposa pamenepo pakufunika code A. Ambiri sadziwa zimenezi, amakazimvera pa lodibuloko.

Chinanso chimene palibe anandiuza ndi mageya. Njinga sizilowa mageya mofanana. Zina geya wani umaponda pansi enawo n'kumakokera m'mwamba ndi chala, zina onse umangopondera kumodzi, ndipo pali zina zaku China zozungulira, zoti ukafika geya yomaliza n'kupondanso imabwerera ku nyutulo, kupondanso kachiwiri yalowa wani uli pa liwiro, tayala lakumbuyo limagwira nthawi yomweyo ndipo ukhoza kudya fumbi. Funsani wogulitsayo akuonetseni, safunsa anadya phula.

Pa mapepala ndisachulutse. Njinga yotchipa yopanda mapepala a MRA ndi blue book si yotchipa ayi, tsiku lina idzagona kupolisi, ndipo mwina n'kutheka ndi yobedwa. Onani nambala ya chasisi ndi ya injini ngati zikufanana ndi zapapepala. Kalembetseni ku Road Traffic, dulani inshulansi ngakhale ya third party, yambani ndi laisensi ya ophunzira ija amati learner's.

Tsopano ndifike pamene ndinapusa kachiwiri, chifukwa munthu kupusa kamodzi sikukwana. Nditagulitsa yoyamba ija n'kugula ya 125 yatsopano, ndalama imene inatsala m'malo mogulira chipewa chabwino ndinapita nayo kwa mnyamata wina wa mawaya kuti aikongoletse. Anaika sipika pansi pa handulo, timagetsi ta buluu ndi tofiira tothwanima mpaka m'masipoko, hutala yolira ngati ya thiraki. Magalasi onse awiri tinachotsa ati amaonetsa ngati njinga ya agogo. Ekizozi tinaiboola kuti izimveka ndikadali ku Mlangeni. Sipoketi yakumbuyo anandiikira yaing'ono ati izithamanga. Sabata yoyamba ndinali mfumu, ana kumandithamangira.

Kenako zinayamba kuoneka. Batire ya njinga ndi kakang'ono, ndipo magetsi amene injini imapanga anawayeza kuti akwane nyale, ma indiketa ndi sitata basi, nde ukawonjezera sipika ndi zothwanimazo m'mawa uliwonse umakhala ukumenya kiki mpaka thukuta. Sipoketi ija pamalo osalala inkathamangadi, koma kuno n'kumapiri, ndikanyamula katundu pachitunda imachita kulira ngati ikupempha chikhululuko, ndinakazionera bwino pamsewu wa Khwekhwerere pochokera ku Golomoti mpaka ndinatsitsa thumba limodzi n'kulisungitsa. Ekizozi yoboola ija palibe mphamvu inawonjezera, phokoso basi, mayi akunyumba n'kumati mukadzuka usiku mudzutsa mudzi wonse. Koma chimene chinandithetsa mankhalu ndi usiku wina ndikuchokera ku Tsangano, mawaya aja anangowapotokola n'kumata ndi tepi opanda fyuzi, anagundana pansi pa tanki, ndinangomva fungo la pulasitiki wopsa kenako nyale thii, mdima bii, ndili pakona, kumbuyo kukubwera galimoto yoti sindikanaiona n'komwe poti magalasi ndinachotsa ndekha. Ndinapatukira m'tchire mwa chisomo chabe. Ndinaikankha mpaka kunyumba, ndipo panjira yonseyo ndinkangodzitukwana.

Sindikunena kuti njinga isakongoletsedwe, ndi yanu, matani masitika, lembani mawu anu pa madigadi, ine panga ndinalemba dzina la mwana wanga. Koma pali zoyamba. Kwa wophunzira chitsulo chija chotchinga miyendo, crash bar, n'chofunika kuposa china chilichonse chifukwa kugwa mugwa ndithu, funso n'loti mwendo ukhala pansi pa injini kapena ayi. Magalasi asiyeni. Kaliyala ngati mukufuna kunyamula katundu kawotcheretseni yolimba koma isatalike kwambiri kumbuyo, katundu akalemera kumapeto tayala lakutsogolo limapepuka ndipo handulo imayamba kuvina yokha. Chovindikira tcheni musachotse, ndipo ngati muzinyamula amayi ikani kotchinga tayala lakumbuyo, ndinaonapo ndi maso angawa chitenje chitakodwa m'masipoko mayi n'kukokedwa kugwa chagada mwana ali kumsana, mwamwayi njinga inali isanathamange. Kachitsulo kotchinga ekizozi nakonso kasiyeni, akazi ambiri kuno ali ndi chipsera pakatumba chifukwa cha ekizozi yamoto. Chochajira foni ikani koma chidutse pa fyuzi. Ndipo chipewa gulani chenicheni chomanga pachibwano, ziwiri, osati zija za pa konsitilakishoni zimene zimauluka munthu asanafike n'komwe pansi.

China chaching'ono, njinga ikakhala yatsopano musaithamangitse masiku oyamba, oyilo woyamba musinthe msanga monga kabuku kake kanenera, tcheni muzichiona chisalendewere komanso chisakungike ngati ng'oma, muzichidontheza oyilo makamaka nthawi yafumbi. Ndipo phunzirani kugwiritsa buleki yakutsogolo, ambiri amaiopa ati imagwetsa mpaka ena amachita kuimasula, chonsecho pa tala ndi imene imaimitsa njinga kwambiri, kungoti pamchenga ndi pamatope umaigwira monyengerera osati kuifinya kamodzi. Kaphunzirireni pabwalo la mpira kaye osati pa M1 pamene pakudutsa mathiraki.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi n'loti mutipatseko katsamba ngakhale kamodzi pamwezi, mupeze makanika wodziwa ntchito aziyankha mafunso a anthu a njinga m'Chichewa, chifukwa timabuku timene timabwera ndi njingazi tili m'Chingerezi, tina m'Chipwitikizi, ndipo ambiri timangoyatsira mbaula. Ine panopa magalasi ndinabwezera, sipoketi ndinabwezera yake, ekizozi ndinagula ina, mayeso a laisensi ndikukayesa mwezi wamawa. Sipika ija ili pamwamba pa kabati, mwana wanga amailumikiza ku batire ya sola n'kumamvera nyimbo za kwaya.

Ine wanu,
Wageni ya kachewere,
Lizulu, Ntcheu