Kwa mwana wanga wa ku Area 43

Mwana wanga,

Pa foni timangothamangitsana ndi mayunitsi, ndiye ndati ndilembe.

Ndalama unatumiza pa Mpamba ija inafika, ndipo mayi ako aang'ono tinawagulira bokosi labwino. Zikomo. Koma kusiwa amayi ankandinong'oneza kuti, "Nanga mwana wanu wamkulu uja?" Ndinanama kuti uli kunja ndi ntchito. Adzukulu atamaliza kukumba anafunsa mwini mbumba kuti akaone manda, panangoti zii. Mwini mbumbayo ndi iwe, malume ako kulibe.

Za malume akowo sindinakuuzepo zonse. Anapita ku Joni ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, mu 1973, ine ndili kamtsikana. Chaka choyamba anatitumizira bulangete ndi chithunzi atavala suti, chipewa chili pambali. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha amuna a ku Malawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa zopita kumigodi. Anzawo anabwerera ndi njinga ndi mawailesi, iwo ayi. Tinangomva kuti anakwatira konko, anasiya dzina la Phiri n'kutenga lachizulu kuti asamatchedwe mlendo. Agogo ako ankati galimoto ikaima pamsewu amadzuka pamkeka. Uthenga wa imfa yawo unatipeza mvula itagwa kawiri. Mpaka lero manda awo sitikuwadziwa. Ndiwo matchona amene umamva aja.

Iwowo tinkati ndi kutalika kwa Joni. Nanga iwe? Kuchoka ku Lilongwe kufika kuno ku Dedza, minibasi imanyamuka m'mawa n'kutipeza tisanateleke nsima ya masana.

Chaka chatha nditabwera kudzaonetsa maso anga kuchipatala, unali ndi alendo. Unandipatsa moni wa pakhomo n'kundilowetsa cha kuseri. Ndinadyera kukhitchini ndi mtsikana wantchito uja, ndipo nsima amaidziwa mwana ameneyo. Chingerezi sindimva, koma mlendo wina atafunsa za kwanu, mawu oti Blantyre ndinawamva bwinobwino. Mchombo wako ndinaukwirira ndekha kuseri kwa nyumba ya agogo ako, pamene pali mtengo wa pichesi paja. Adzukulu anga anabwera kudzandisuzumira ngati ndine chithunzi. Wamng'onoyo anafuna kundiuza kanthu, ine osamva, iye osamva, tinangosekererana.

Usaganize kuti kukwera kwako kumandiwawa. Mbatata za kachewere ndinkasenza kupita nazo kumsewu zija, kuti fizi ipezeke, ndinkafuna zomwezi: galimoto, mpanda wa njerwa, ana a nsapato. Za kukhitchinizo ndinaziiwala kale, ine ndakalamba. Chikundisowetsa tulo ndi ana akowo. Iwe ukadzatopa nazo za m'tauni, njira ya kuno ukuidziwa ngakhale usiku. Iwo adzafunsa ndani? Munda wa kudambo malire ake amene akuwadziwa ndi ine ndi mfumu basi, ndipo tonse tikuyendera ndodo.

Tikakolola kuli chinkhoswe cha mwana wa mlongo wako. Akuchimuna abwera kale kawiri kudzafunsa kuti nkhoswe ndi ndani, ndipo ndawatchulira iwe. Ndalama usatumize, nkhuku tili nazo. Ubwere Lachisanu, ugone. Anawo ubwere nawo, ndi majuzi, kuno nthawi imeneyo kumazizira.

Ndine mayi ako.