Lipoti la msonkhano wa makina otenthetsa nyumba ndi kutentha kwa m'nthaka

A Wapampando ndi a komiti nonse, ku msonkhano munandituma uja ndinapita ndi funso lathu lija: tikachotsa boila ya gasi m'holo ya mpingo n'kuika heat pump yokoka kutentha m'nthaka, bilu itsika?

Nambala imene ogulitsa amaionetsa pa kapepala, COP, yosonyeza kutentha kumene makinawo amapereka poyerekeza ndi magetsi amene amadya, tisaikhulupirire msanga. Amaiyeza ku labu, madzi ochokera m'nthaka ali pa 0°C, opita m'nyumba ali pa 35°C. Ya ife ndi SPF: kutentha konse kumene makinawo apereka chaka chathunthu, kugawa ndi magetsi onse amene adya. Holo itafuna kutentha kokwana 20,000 kWh (mayunitsi oyezera mphamvu) pachaka, SPF ya 4 ndiye kuti tigula magetsi 5,000 kWh. Ikatsika kufika 2.5, tigula 8,000. Poti kuno ku Britain magetsi amadula pafupifupi kanayi kuposa gasi, koma boila nayo imataya kutentha kwina, SPF ikachepera 3.5 ndalama sitipulumutsa.

Zoti SPF imatsikadi si nkhambakamwa. Bungwe la Energy Saving Trust linayeza makina 83 m'nyumba za anthu, ndipo lipoti lake la 2010 linapeza kuti ambiri okoka m'nthaka ankangofika pakati pa 2.3 ndi 2.5. Vuto silinali nthaka, yomwe mamita ochepa pansi imakhala cha pa 10°C chaka chonse, koma kaikidwe. Mapaipi okwiriridwa pansi okoka kutentha akafupika, nthaka yowazungulira imazizira nyengo yachisanu isanathe. Ma radiator, zitsulo zotulutsa kutentha m'chipinda, akakhala aang'ono ngati athu aja apansi pa mawindo, madzi amafunika afike 55°C, makina n'kumadya magetsi ambiri.

Apa ndi pamene panavuta kwambiri pokambirana. Ena powerengera SPF amasiya magetsi a mapampu oyendetsa madzi ndi a hita ya m'thanki imene imatenthetsa madzi kufika 60°C kuti iphe tizilombo ta Legionella. Nambala imaoneka yokongola, koma bilu imawerenga zonse. Komanso holo yathu imadzaza Lamlungu ndi Lachitatu basi, pamene makinawa amakonda kuyenda pang'onopang'ono osazimazima.

Ine ndikuona kuti tisasaine kanthu panopa. Tipeze woika makina wovomerezeka ndi MCS, bungwe lovomereza oika makina otere, chifukwa thandizo la boma la £7,500 la Boiler Upgrade Scheme limadzera mwa oterowo. Ayeze kutentha kumene chipinda chilichonse chimataya, alembe SPF yophatikiza mapampu ndi hita, ndipo pamtengo pakhale mita ya kutentha ndi ya magetsi. A msungichuma atibweretsere mabilu a gasi a zaka ziwiri zapitazi pa msonkhano ukubwerawu.