Pepala la dokotala ulichotse mu dirowa

Mwana wanga,

Mkazi wako wandiimbira dzulo usiku, akuti chibwerereni ku Lusaka sukudya, umangokhala pa khonde phee, pepala la dokotala unaliponya mu dirowa. Ndiye ndati ndikulembere poti pa foni umangoti "ndili bwino amai" nkudula.

Unapita kukapimitsa kuti umupatse mlongo wako impso imodzi, anakuyeza magazi, mkodzo, BP, shuga, zonse bwinobwino, koma pa CT scan paja, pokujambula m'kati mwa thupi, ndi pomwe anaona kachotupa ka masentimita 3 mu impso ya kumanzere. Iwe kungomva zoti mwina ndi khansa basi nkhongono zonse zii. Ine ndinamufunsa dokotala wa mlongo wako mofatsa, anati zotupa zina za mu impso sizikhala khansa ayi, ndipo olo itakhala khansa, kakakhala kosapitirira masentimita 4 nthawi zambiri amangodula pali chotupapo, mbali yotsala ya impsoyo nkumagwirabe ntchito. Matendawa amabwera mwakachetechete, munthu akafika pokodza magazi kapena kumva kuwawa m'mbali munsi mwa nthiti kawirikawiri amakhala atakula kale. Nanga iwe ndi mphamvu zakozo, wonyamula matumba a chimanga pa msika wa Kapata tsiku lonse, ukanapita kukajambulidwa chifukwa chani pakanapanda mlongo wako?

Zoti wamugwiritsa mwala uzichotse m'mutu. Lachiwiri ndinali naye ku dayalisisi komwe amamutsuka magazi poti impso zake sizikugwira ntchito, maola 4 ali chigonere, mapaipi pa mkono, magazi akuzungulira mu makina, ndipo za impso sanatchule olo kamodzi, anangoti "achimwene opaleshoni apita liti?" Za munthu wina woti apereke tikhala pansi ndi amalume ako, imeneyo si ya iwe manje.

Kumudzi ayamba kale kunong'ona ati alipo watilodza, ana awiri onse impso. Asiye alankhule. Koma zitsamba za mu mabotolo zogula pa msika usayerekeze kumwa, zina zimaononga impso zomwezo. Ndipo fodya uja, ndakhala ndikukuuza kuyambira uli mnyamata, pano dokotala wanena yekha kuti amathandizira kubweretsa khansa ya impso, usiye.

Tsiku lomwe anakulembera ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka usaliphonye chonde. Ndagulitsa mbuzi ziwiri, ya thiransipoti ilipo, tikwera limodzi basi ya m'mamawa, chitenje changa ndi fulasiki ndalongedza kale, ndikakhala nawe komweko mpaka akutulutse.

Ndine amai ako.